Magemu a pafoni olonjeza ndalama: kodi wageni angapindule nawo?

Uthenga wake ukufika m'njira zosiyanasiyana. Wina akuuona pa Facebook, wina pa TikTok, wina akuulandira pagulu la WhatsApp la banki m'khonde: tsitsani app iyi, sewerani gemu, mulandire ndalama. Pakanema wotsatsa pamaoneka munthu akumwetulira, foni ili m'manja, madola akuyoyoka ngati mango a m'dzinja. Kwa mayi wogulitsa tomato ku Kawale, kapena mnyamata wa shopu ya zitsulo za galimoto ku Biwi, yemwe amatha maola angapo akudikira kasitomala, nkhaniyi imamveka yanzeru. Nthawi ilipo, foni ilipo, nanga kulekeranji?

Chikoka chake chakula chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalamayi idatsitsidwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi K44 pa K100 iliyonse. Pamtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, lonjezo la madola 10 likutanthauza K17,500, ndalama yoti wageni wamng'ono n'kuonjezera pampamba wake.

Komabe geni iliyonse imayezedwa ndi masamu. Wamalonda sapikula katundu asanadziwe komwe phindu litulukire, ndipo magemu awa afunika kuwayeza ndi muyeso womwewo.

Funso loyamba: ndalamayo ikuchokera kuti?

Kampani yopanga gemu ili ndi antchito ofuna malipiro ndi eni ake ofuna phindu. Ngati ikupereka K100 kwa wosewera, ndiye kuti kwinakwake yalandira yoposa K100. Magwero a ndalamayo alipo atatu, ndipo ndi omwe amagawa ma app amenewa m'magulu.

Gulu loyamba limapeza ndalama kwa otsatsa malonda, n'kubenthulako pang'ono kupatsa wosewera. Gulu lachiwiri limatolera ndalama kwa osewera eni ake, n'kubwezako gawo kwa opambana. Imeneyi ndi juga, ngakhale itavala dzina lina. Gulu lachitatu limalipira olowa kale ndi ndalama za olowa kumene, mpaka tsiku lomwe olowa atha. Wageni akadziwa gulu lomwe app ili, theka la yankho walipeza kale.

Gulu loyamba: ndalama ya otsatsa malonda

M'gulu ili muli ma app ena oona. Mistplay, ya ku Montreal m'dziko la Canada, ndi Swagbucks ya ku United States ndi zitsanzo zodziwika. Kagwiridwe kake nkotere: opanga magemu atsopano amalipira kuti anthu atsitse ndi kusewera magemu awo, otsatsa malonda amalipira kuti makanema awo aonedwe, ndipo app imapatsa wosewera mapointi oti adzawasinthe ndi mphotho.

Otsatsa malonda amalipira potengera anthu 1,000 oona kanemayo, ndipo mtengo wake umasiyana malinga ndi dziko. Munthu wa ku London kapena New York, yemwe ali ndi khadi la kubanki loti angagulire chinthucho nthawi yomweyo, maso ake amagulidwa modula. Munthu wa ku Chinsapo, yemwe katunduyo sangamufike n'komwe, maso ake amagulidwa motchipa kwambiri. N'chifukwa chake ma app ambiri olipira bwinoko amangogwira ntchito m'maiko osankhidwa, ndipo wa ku Malawi akawafufuza pa Play Store sawapeza, kapena amauzidwa kuti dziko lake mulibe. Omwe amatsalira kuno ndi aja olipira nyenyeswa ndi aja osalipira n'komwe.

Ngakhale m'maiko olemerawo madandaulo alipo. Mu 2021 bungwe loteteza ogula la boma la United States, la Federal Trade Commission, lidadzudzula kampani ya Tapjoy kuti anthu ankachita zonse zomwe auzidwa, monga kugula zinthu ndi kupereka mbiri yawo, koma mphotho zolonjezedwazo osazilandira. Ngati izi zidachitikira anthu okhala ndi bungwe lowamenyera nkhondo kwawo komweko, wa ku Area 23 akadandaula kwa yani kampani ili kutsidya kwa nyanja?

Kuwerengera ngati katundu wa pabenchi

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe kake. Wageni aliyense atha kuikapo ake.

Mwachitsanzo, kampani ikulandira dola imodzi pa makanema 1,000 otsatsa malonda omwe aonedwa. Ndiye kuti kanema mmodzi akubweretsa K1.75. Kampaniyo itakhala yachifundo kwambiri n'kugawana pakati ndi wosewera, wosewerayo akupeza ndalama yosakwana K1 pa kanema. Kanema aliyense akakhala wa masekondi 30, pa ola munthu angaone makanema 120 ngati sakuchita china chilichonse. Malipiro a ola lonselo ndi K105.

Ma app ambiri salola kutapa ndalama isanakwane mlingo wina. Mlingowo ukakhala madola 10, wosewera afunika maola pafupifupi 167. Kwa munthu wosewera maola anayi patsiku, awa ndi masiku 42, mwezi ndi theka.

Tsopano kumbali ya zolowa. Kanema aliyense amadya bandulo. Ngati mmodzi akudya 3MB, pa ola zikupita 360MB, ndipo pa maola 167 zikupita pafupifupi 60GB. Mtengo wa bandulo yotere ku Airtel kapena TNM aliyense atha kuuona pafoni pake, n'kuuika pafupi ndi K17,500 ija. Ngakhale malipirowo atachulukitsidwa kasanu, kufika K525 pa ola, wogulitsa mandasi kapena makala akudziwa yekha kuti ndalama imeneyo amaipeza pa makasitomala angati.

Palinso zolowa zina zomwe siziwerengedwa msanga. Foni yoseweredwa tsiku lonse imafuna kutchajidwa kawiri kapena katatu, ndipo magetsi akazima, kapena kunyumba kukakhala kopanda magetsi, kutchajako n'kolipira. Batire imatentha ndi kufa msanga. Mafoni ambiri a pamsika, a itel ndi Tecno aja otsika mtengo, amakhala ndi malo ochepa, kotero magemu akadzaza foni imayamba kuuma pomwe kasitomala akufuna kutumiza ndalama.

Cholowa chachikulu koposa ndi kasitomala wotayika. Pamsika wa Nsungwi ku Area 25 kapena pa Tsoka, mabenchi ogulitsa zinthu zofanana amakhala moyandikana. Wogula akaima pabenchi n'kupeza mwini wake wawerama pafoni, amangosuntha mapazi awiri kupita kwa yemwe wamuitana kuti "tiwaonere, mayi". Wogulayo akakondwera ndi kalandiridwe ka uko, mawa sabweranso. Maso akakhala pafoni, akuba a pamsika nawo amaona mpata.

Kupeza mapointi nkosavuta, kutapa ndiye nkhani

Ambiri omwe ayesapo ma app awa amadandaula chinthu chimodzi. Masiku oyamba mapointi amabwera mothamanga, ndipo munthu amafika theka la mlingo wotapira pasanathe sabata. Akayandikira kumapeto, mapointi amayamba kudontha ngati mpopi wa m'chilimwe. Gemu yomwe inkapereka 500 imayamba kupereka 5. Izi zimakonzedwa dala. Kampani ikudziwa kuti munthu yemwe wafika pa madola 9 safuna kusiya, ndipo tsiku lililonse lomwe akupitiriza akuonerabe makanema omwe akuilemeretsa.

Wopirira mpaka kumapeto amakumana ndi khoma lina. Mphotho za ma app ambiri ndi makadi ogulira zinthu ku Amazon kapena Google Play, omwe sangagule thumba la chimanga ku Mgona. Ena amalipira kudzera pa PayPal. Ku Kenya, kuyambira 2018, munthu amatha kusamutsa ndalama kuchoka pa PayPal kupita pa M-Pesa, koma kuno ndalama ya pa PayPal siingotsika yokha mu Airtel Money kapena Mpamba. Wosewera amayamba kufunafuna munthu wapakati womusinthira, yemwe amadulapo yake, ndipo nthawi zina amazimiririka nayo yonse.

Pa chifukwa ichi, nambala yomwe ikuoneka pafoni isawerengedwe ngati ndalama. Ili ngati ngongole ya kasitomala wosadziwika komwe amakhala. Imasanduka ndalama tsiku lomwe ejenti waiwerenga m'manja mwa mwini wake.

Gulu lachiwiri: kandege ndi anzake

Gemu yomwe ikulipiradi mu Airtel Money ndi Mpamba, mwachangu, ndi ya gulu lachiwiri. Yotchuka kwambiri ndi Aviator, yomwe m'makwalala amaitcha kandege. Idapangidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019, ndipo imapezeka kudzera m'makampani obetchetsa. Munthu amaikapo ndalama, kandege n'kunyamuka, nambala yochulukitsira n'kumakwera. Akatapa kandege kasanathawe, wapambana. Kakathawa asanatape, ndalama yapita.

Eni gemuyi sabisa masamu ake. Amanena kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, K97 imabwerera kwa osewera onse pamodzi, K3 n'kutsala kukampani. K3 imaoneka yochepa, koma imadulidwa pa ulendo uliwonse, ndipo ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa. Munthu wobetcha K1,000 maulendo 100 wazunguza K100,000, ngakhale atayamba ndi K10,000 yokha, chifukwa zomwe wapambana amazibwezeramo. Mwa masamu, pa K100,000 imeneyo ayembekezere kutaya K3,000. Akapitiriza maulendo 300 kapena kuposerapo, K10,000 ija yatsala pang'ono kutha. Tsiku lina adzapambana ndithu, mwinanso ndalama yambiri, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe adzalikumbukire n'kulifotokoza pamsika. Masiku otaya safotokozedwa.

Kwa wolembedwa ntchito, kutaya pa juga kumapweteka mwezi umodzi, malipiro ena n'kubwera. Kwa wageni, ndalama yomwe ili mufoni madzulo ndi mpamba wa mawa. Yemwe wagulitsa kaunjika tsiku lonse n'kulandira malipiro ambiri pafoni ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa ndalama ya katundu ndi khomo la kandege zili m'chipangizo chimodzi. Akataya, mawa lake alibe chooda. Kuchoka apo njira imalowera kwa akatapila, kapena kukabwereka ku banki m'khonde ndalama yomwe sikapita kugeni. Mabenchi ambiri amagwa motere, pang'onopang'ono, mwini wake akuti akufuna kungobweza zomwe adataya.

Pambali pa gemuyi pamera geni ina ya anthu ogulitsa ma app oti amalosera pomwe kandege kathawire. Amatsatsa pa WhatsApp, Telegram ndi Facebook. Pomwe kandege kathawire pamasankhidwa ndi kompyuta mwachisawawa pa ulendo uliwonse, ndipo palibe app ya munthu wapambali yomwe ingaone zimenezo. Munthu wokhala ndi chida choona chotero sakadachigulitsa K5,000, akadangokhala chete n'kumadzilemerera.

Kubetcha nkololedwa ku Malawi kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo kumayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022. Chiphaso cha bungweli chimatanthauza kuti kampaniyo ili ndi malamulo oitsata komanso kuti wodandaula ali ndi kopita. Sichisintha masamu a K3 ija. Magemu ena a makhadi kapena ofananitsa zithunzi, omwe amati munthu alipire kuti alowe mpikisano wa ndalama, nawonso ndi a gulu lomweli, ndipo ambiri mwa iwo alibe chiphaso chilichonse cha kuno.

Gulu lachitatu: lowetsani kaye kuti mutape

Ili ndiye gulu lomwe limasesa mpamba wonse nthawi imodzi. App imapereka tintchito tosavuta tokhala ngati masewera: kudina zithunzi, kuzunguza gudumu, kuyamikira katundu wa pa intaneti. Masiku oyamba imalipiradi, K2,000 kapena K5,000, mufoni mwenimweni. Kenako imati kuti munthu azipeza zambiri akwere sitepe ya VIP polipira, ndipo akabweretsa anzake adzalandira gawo pa aliyense.

Ndalama yoyamba ija ndi nyambo. Yachokera m'thumba la olowa pambuyo, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa wolandirayo mboni. Iye amaonetsa uthenga wa ndalamayo kwa anzake a pamsika, a kutchalitchi kapena kumzikiti, a m'chipereganyu, ndipo iwo amalowa chifukwa akumukhulupirira. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Zoterezi zachitika kale kwa anansi. Ku Kenya, Public Likes inkalipira anthu chifukwa chodina malonda pa intaneti, n'kumawalipiritsa kuti akwere masitepe, mpaka idagwa mu 2017. Ku Zimbabwe, E-Creator inkauza anthu kuti alowetse ndalama kenako azilipidwa polemba ndemanga zoyamikira katundu. Idagwa pakati pa chaka cha 2023, anthu ochuluka ndalama zawo zili momwemo, ndipo apolisi adamanga ena mwa oiyendetsa. Ku United States, Federal Trade Commission idalengeza kuti madandaulo a chinyengo cha tintchito totere adakwera kuchoka pa 5,000 m'chaka chonse cha 2023 kufika pafupifupi 20,000 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2024.

Mathero ake amafanana paliponse. Tsiku lina kutapa kumayamba kuvuta. Oyendetsa amati makina akukonzedwa, kapena amati aliyense alipire msonkho kaye kuti ndalama yake itsegulidwe. Ena amalipira msonkhowo, kuonjezera pa zotayika. Kenako app imasiya kutseguka, gulu la WhatsApp n'kutsekedwa. Wotsala pamoto ndi uja adakopa anzake, chifukwa oyendetsa sadziwika nkhope pomwe iye benchi lake aliyense akulidziwa. Kutaya ndalama kumapweteka, koma kutaya chikhulupiriro cha amalonda anzake, omwe amamusungira benchi akachoka ndi kumubwereka chenji, kumapweteka nthawi yaitali.

Lamulo losavuta kulikumbukira ndi ili: ntchito yeniyeni siilipiritsa wantchito kuti alandire malipiro ake. Aliyense wopempha ndalama kuti atulutse ndalama ndi wakuba.

Nanga magemu olipira ndalama za pa intaneti?

Pali magemu ena omwe amalipira timakobiri ta pa intaneti, ta mtundu wa crypto, n'kulonjeza kuti tidzakwera mtengo. Zitsanzo ziwiri zikuonetsa momwe zimathera.

Axie Infinity, ya kampani ya Sky Mavis ya ku Vietnam, idatchuka kwambiri ku Philippines mu 2021, nthawi ya Covid-19. Anthu ena ankapezadi ndalama yoposa malipiro a ntchito wamba, ndipo ena adasiya ntchito zawo. Kuti munthu ayambe ankafunika kugula tizilombo titatu ta m'gemumo, tomwe pa nthawi ina tinkafika madola mazana angapo. Phindu la osewera akale linkadalira kubwera kwa atsopano ogula tizilomboto. Atsopano atachepa, kakobiri kake kotchedwa SLP kadagwa kuchoka pa masenti oposa 30 a dola pakati pa 2021 kufika posakwana senti imodzi mu 2022. Mu Malichi chaka chomwecho akuba a pa intaneti adabanso ndalama zoposa madola 600 miliyoni pa makina a kampaniyo.

Hamster Kombat idayamba mu Malichi 2024 pa Telegram. Ntchito yake inali kudina chithunzi cha kanyama pafoni tsiku ndi tsiku, ndipo eni ake adati osewera adafika 300 miliyoni. Tsiku logawa makobiri litakwana, pa 26 Sepitembala 2024, ochuluka adadandaula kuti miyezi yonse yodina ija idawapatsa ndalama yosakwana madola 10. Eni gemuyo anali atapindula kale, chifukwa osewera ankatumidwa kukaonera makanema awo pa YouTube ndi kukopa anzawo.

Kuonjezera apo, Reserve Bank of Malawi idanena kale kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Wotaya zake kumeneko asayembekezere kuti banki yaikuluyi imubwezera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zomwe app imatenga mwakachetechete

App ina ilibe cholinga cholipira kapena kulipiritsa. Ikufuna zomwe zili mufoni. Ikamatsitsidwa imapempha chilolezo choona mauthenga, manambala a anthu, zithunzi ndi komwe munthu ali. Gemu yofananitsa zipatso ilibe chifukwa chowerengera mauthenga a munthu, koma m'mauthengamo ndi momwe mumafika manambala otsimikizira a kubanki ndi mbiri ya ndalama zolowa ndi zotuluka. Ina imapempha chithunzi cha chiphaso cha unzika, ati pofuna kutsimikiza wolandira mphotho. Popeza nambala za foni kuno zidalembetsedwa ndi ziphaso zomwezo, chithunzi chotero m'manja mwa wakuba ndi chida choopsa.

Choopsa kwambiri ndi app yomwe siikuchokera pa Play Store, yongotumiziridwa pa WhatsApp kapena kupatsirana foni ndi foni. Ya pa Play Store nayo si umboni woti imalipira, koma yapambaliyo palibe ndi mmodzi yemwe waiunika. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isalembedwe mu app ya gemu ina iliyonse, ndipo isauzidwe munthu woimba foni ngakhale atati ndi wa kukampani. Wobedwa kudzera pafoni adziwitse kampani yake ya foni nthawi yomweyo ndi kukanena kupolisi. Bungwe la MACRA nalo limalandira madandaulo okhudza mafoni ndi intaneti.

Omwe akupezadi ndalama pamasewera

M'makwalala a Lilongwe muli anthu omwe masewera amawadyetsa, ndipo kuwaonetsetsa kukuphunzitsa kanthu. Mwini tebulo la pool amalandira ndalama pa gemu iliyonse, kaya wapambana ndani. Mnyamata wokhala ndi TV ndi PlayStation m'kashopu amalipiritsa anyamata ofuna kusewera mpira. Wotchaja mafoni amalandira pa batire iliyonse yomwe gemu yamaliza, ndipo ejenti amapeza komishoni pa bandulo ndi pa ndalama zolowa ndi zotuluka. Onsewa aima kumbali yogulitsa. Wosewera ndiye kasitomala. Pa app ya pafoni zilinso chimodzimodzi, kungoti mwini tebulo ali kutali ndipo saoneka.

Wageni yemwe ali ndi foni yamakono, bandulo ndi maola opanda kasitomala ali kale ndi zida zopezera ndalama kudzera pageni yake. Wogulitsa kaunjika akajambula bwino zovala zisanu m'mawa n'kuziika pa Status ya WhatsApp ndi mitengo yake, afikira anthu omudziwa kale, omwe angathe kugula lero. WhatsApp Business ndi yaulere ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo. Wogulitsa mbatata, anyezi kapena mtedza akaimbira mnzake wa ku Wakawaka kapena ku Mgona kufunsa mtengo wa tsikulo asanakwere minibasi, apulumutsa thiransipoti ya ulendo wopanda pake, ndipo adziwa poyambira kunenerera. Wokonza njinga zamoto akasunga manambala a akabaza omwe amabwera kwa iye n'kumawadziwitsa zitsulo zikafika, wamanga makasitomala okhazikika. Ngakhale kungolemba mufoni ngongole zonse za makasitomala, ndi kuwakumbutsa mwaulemu pakutha pa mwezi, kumabweza ndalama yoposa ya mwezi wathunthu wodina zithunzi.

Kusewera gemu pofuna kupumitsa mutu kulibe mlandu. Bawo lakhala likuseweredwa m'misika kuyambira kale, ndipo palibe amalitenga ngati ntchito. Gemu ya pafoni yosafuna intaneti, yoseweredwa msika utazizira, ili m'gulu lomwelo. Vuto limayamba pomwe munthu wayamba kuiwerengera ngati gwero la ndalama n'kumaipatsa nthawi ndi mpamba wa geni.

Kuyesa kwa sabata imodzi

Yemwe akufunabe kudzionera yekha ayese ngati momwe amayesera katundu watsopano, pang'ono komanso ndi kope m'manja. Asanatsitse app afunse mafunso asanu.

Loyamba, kampaniyi ikupeza kuti ndalama yomwe ikulonjeza? Ngati yankho silikumveka, kapena likudalira kubweretsa anthu ena, asiye pomwepo.

Lachiwiri, kodi ikufuna kuti alowetse ndalama, kaya ya kulembetsa, ya VIP kapena ya msonkho wotapira? Ngati ikutero, ndi juga kapena ndi chinyengo.

Lachitatu, imalipira kudzera njira iti, ndipo njirayo imafika m'manja mwa munthu wa ku Lilongwe?

Lachinayi, mlingo wotapira ndi wotani, ndipo alipo munthu womudziwa maso ndi maso yemwe adatapapo kangapo, kwa miyezi ingapo, osalowetsa kanthu? Zithunzi za mauthenga a ndalama zoyenda pa WhatsApp si umboni, chifukwa zimapangidwa mosavuta.

Lachisanu, ikupempha kuona chiyani mufoni?

App ikadutsa mafunso onsewa, atsegule tsamba m'kope n'kulemba mizere inayi: maola omwe wasewera, ndalama ya bandulo, ndalama yotchajira, ndi ndalama yomwe yafikadi m'manja. Mapointi asalembedwe. Pakutha pa masiku asanu ndi awiri achotsere zolowa pa zomwe walandira, zotsalazo azigawe ndi maola, kenako aziyerekeze ndi phindu lomwe benchi lake limapanga pa ola. Pa sabata yoyeserayo ndalama ya katundu isakhudzidwe, ndipo ngati nkotheka isungidwe pa nambala ina yosiyana ndi ya foni yoseweretsayo.

Katundu yemwe wakhala sabata pabenchi osabweza ngakhale thiransipoti yake, wamalonda saodanso. App yomwe yalephera mayeso a kopeli ichotsedwe mufoni tsiku lomwelo, malo ake alowemo zithunzi za katundu.